Womaliza pa Kafe ya Hussain

Mukafunsa ku Goliyo kuti Gregorio Zuze amagwira ntchito yanji, akuuzani kuti ndi wa makompyuta, ndipo musanatembenuke wina akupatsirani foni yosweka galasi kuti mukamusiyire. Anthu a ku Ndirande ankamudziwa choncho basi. Foni ikafa, wailesi ikayamba kukhosomola, rimoti ikathothoka mabatani, zonsezo zinkathera pakhonde pake Lamlungu masana, munthu asanavule n'komwe jekete ya ku Misa. Iye ankangolandira ndi manja awiri. Analeka kalekale kufotokoza kuti ntchito yake si imeneyo, chifukwa kwathu kuno ukafotokoza amati wayamba matama.

Kwawo kunali ku Nsanje. Anafika m'tauni mu 2002 ndi satifiketi ya Fomu 4 ndi chikwama chimodzi, n'kufikira kwa mlongo wake wamkulu, Esther, amene ankagulitsa milamba youma mu msika wa Ndirande. Ntchito yake yoyamba inali yosesa ndi kupukuta fumbi mu intaneti kafe ina m'tauni, masiku amene intaneti inkabwera pa chingwe cha telefoni ikuchita kulira isanalowe. Tsamba limodzi kuti litseguke, kasitomala ankatha kupita kukagula tchipisi n'kubwerera lisanamalize. Gregorio ankasesa mochedwa dala kumbuyo kwa anthu, maso ali pa sikirini. Kenako anayamba sukulu yamadzulo, kenako kukonza makompyuta a anthu, kenako zaka zinangodutsa monga zimachitira zaka, n'kupezeka kuti ali ndi mkazi, Helena, ana awiri, ndi msana wowawa.

Esther anamwalira mu 2008, n'kusiya mwana mmodzi, Maggie. Panalibe zokambirana zambiri. Maliro atatha Gregorio ananyamula chikwama cha mwanayo, Helena anayala mphasa ina, nkhani n'kuthera pomwepo. Maggie anakula akufuna chinthu chimodzi, unamwino, ndipo Gregorio anachitenga chinthucho ngati chake. Sankachilankhula kwambiri. Ankangodziwa kuti mlongo wake anamudyetsa mpaka atapeza pogwira, ndiye mwana wa mlongoyo ayenera kudzavala yunifomu yoyera iye ali moyo.

Nthawi imeneyi n'kuti Gregorio akugwira ntchito pa kakampani ka bwana Dennis ku Ginnery Corner, pamwamba pa shopu ya matayala. Kampaniyo inkasungira anthu ena mawebusaiti awo: wogulitsa magalimoto, kabungwe ka ngongole, sukulu ziwiri, ndi ena otero. M'kachipinda kozizira ngati mochale munali makompyuta atatu akuluakulu, maseva, amene ankasunga masambawo ndi kuyankha aliyense wowafuna. Kutsogolo kwa atatuwo kunali kabokosi kamodzi kotchedwa lodi balansa. Ntchito ya kabokosiko ndi ya woitanira pa siteji ya minibasi: munthu akafika pa intaneti kufuna tsamba, iko kamamulandira n'kumulowetsa mu seva imene ili ndi malo, kuti imodzi isadzaze mpaka kufa zinzake zili zopanda anthu. Gregorio ndiye ankalembera kabokosiko malamulo, ndipo ntchito imeneyi inamumeretsa imvi asanafike zaka makumi anayi.

Amene amaganiza kuti n'kungolumikiza zingwe sadziwa kuti alendo a pa intaneti safika mofanana. Kuli a m'maofesi a m'tauni, a makompyuta atsopano ndi intaneti yothamanga. Amenewo Gregorio ankawasiyira njira yotsegula, kuti akafuna tsamba lachiwiri asayambirenso kugogoda. Kuli makompyuta a m'makafe a m'malokeshoni, ogulidwa atagwira kale ntchito kwa azungu awiri kapena atatu, okhala ndi mapulogalamu a nthawi ya makolo. Amenewo ukawasiyira njira yotsegula ankangouma, kagudumu kakuzungulira pa sikirini mpaka kasitomala kutukwana mwini kafe, ndiye ankafunika kuwayankha n'kuwatsekera pomwepo kuti abwerenso mwatsopano. Ndiye kuli timafoni ta mabatani, timene tinkalankhula mawu amodzi n'kukhala chete, netiweki itathawira kuseri kwa phiri la Ndirande. Malamulo amene anabwera ndi kabokosiko kuchokera kunja ankati mlendo akangokhala chete pang'ono, mumudule. Gregorio anawasintha kuti kabokosiko kazidikira, chifukwa ankadziwa kuti munthuyo sanachoke ayi, waimirira pa mwala foni ili m'mwamba.

Koma wodikiridwa amakhala atagwira malo, ndipo malo m'kabokosimo anali owerengeka. Timafoni tikachuluka, a m'maofesi ankachedwa, bwana Dennis ankalandira foni yaukali n'kubwera nayo kwa Gregorio ikadali yotentha. Akafupikitsa nthawi yodikira, a timafoni ankagwa ngati mango, kungoti amenewo analibe nambala ya bwana Dennis. Gregorio anakhala zaka akukoka chingwe chimenechi, lero uku mawa uko, osasangalatsa aliyense. Loweruka ankadutsa pa Chinseu, ku kafe ya Hussain, kukayesa yekha ngati masamba akutseguka kuchokera kuno kumunsi. Hussain, bambo wa ku Mangochi wa mawu ofatsa, ankamupatsa kompyuta ya pakona osamulipiritsa. Zikamayenda bwino palibe ankadziwa kuti kuli munthu wotchedwa Gregorio. Zikafa, aa, ankamudziwa mpaka dzina la agogo ake.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kumayambiriro kwa 2014, anthu ena osadziwika, kaya a dziko liti, anatuma makina awo kudzagogoda pa kabokosi kaja kosalekeza, mpaka malo onse kudzaza, mawebusaiti onse n'kugona tsiku lathunthu. Wogulitsa magalimoto uja anachoka n'kupita kwina. Bwana Dennis sanali munthu woipa, tisanamizane. Anali munthu wamantha amene mabanja angapo ankadyera m'manja mwake, koma mantha ndi ukali n'pachibale. Analamula zinthu ziwiri. Choyamba, kabokosiko kasamakhudzidwe ndi munthu amene ali kunja kwa ofesi, ngakhale Gregorio yemwe. Chachiwiri, adiresi iliyonse yogogoda mopitirira muyeso izitsekeredwa kunja mpaka mawa lake.

Apa mumvetse bwino. Pa intaneti mlendo aliyense amafika ndi adiresi, ndipo kabokosiko kamaona adiresiyo, sikaona nkhope. Ku maiko kumene lamulo lotere linabadwira, adiresi imodzi ndi nyumba imodzi. Kuno adiresi imodzi ndi kafe yonse ya Hussain, makompyuta ake onse, ndi aliyense wolowamo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Gregorio anazinena zimenezi. Bwana Dennis anati wakuba nayenso akhoza kukhala mu kafe. Anakokana pang'ono, Gregorio n'kupempha kuti muyesowo ukhale waukulu. Anamulola, ndipo anasankha yekha nambala imene anaona kuti kafe ya tsiku wamba singafikepo. Anadziuza kuti adzaiunikanso bwino akadzapeza mpata. Koma mpata ungachokere kuti kwa munthu amene amatumidwanso kukakonza mapulinta a makasitomala, ndi kusintha mababu a mu ofesi? Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo nambala ija inakhala momwemo.

Chaka chomwecho koleji ina ya unamwino, yoima payokha, inaganiza zoti ofuna malo azilembetsa pa intaneti, ndipo tsamba lolembetseralo linabwera kwa bwana Dennis. Inali koleji yomweyo imene Maggie ankaiyang'ana. Iye n'kuti atakhalitsa pakhomo chilembereni mayeso, akugulitsira mayi wina woyandikana nawo zovala za kaunjika. Chaka choyamba panalibe fizi. Chachiwiri Helena anagonekedwa m'chipatala miyezi, ndipo wodikirira anali Maggie. Koleji imeneyi sinkalandira satifiketi yogonera, ndipo ya Maggie inali m'chaka chake chomaliza. Akaphonya ulendo uno kunali kubwerera ku Fomu 4 kukalembanso, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti zimenezo sizingatheke.

Gregorio anamuuza kuti atenge mapepala ake apite naye ku ofesi, akamulembetse pa intaneti yothamanga, nkhani ithe. Anamuuza kangapo. Maggie ankangoseka. Anati anapangana ndi anzake a ku kwaya, atsikana angapo amene nawonso ankafuna malowo, kuti adzapitira limodzi kwa Hussain. Ambiri mwa iwo anali asanagwirepo mawusi chibadwire, ndipo mwana wa m'nyumba ya makompyuta anali iyeyo. Wina mapepala ake anali asanadindidwe, wina ankadikira chithunzi, wina bambo ake anali asanavomere. Anati akakalembetsa yekha ku ofesi, anzakewo adzati wawathawa.

"Ankolo, inu mumadandaula kwambiri," anatero. "Si makina anu omwe? Angandikane ine?"

Gregorio tsiku limenelo anali atatopa, nsapato sanavule n'komwe, ndiye anangoti chabwino.

Ifetu timadziwana. Chinthu chikakhala ndi tsiku lotsekera, kwa ife tsiku loyambira ndi lomwelo. Kulembetsa kunkatsekedwa Lachisanu masana, 12 koloko ikakwana, ndipo Lachisanu limenelo Blantyre yense anakumbukira kuti ali ndi mwana wofuna unamwino. Gregorio analawirira ku ofesi. Anakhala m'kachipinda kozizira kaja akuona alendo akuwirikiza, anawonjezera nthawi yodikira a timafoni, anachotsa katundu wina pa seva yachitatu kuti ipume, ndipo kabokosiko kankagwira bwino. Za nambala ija sizinamubwerere m'mutu. Maganizo ake onse anali oti maseva asafe.

Dzuwa litakwera bwana Dennis anasuzumira pakhomo n'kunena kuti pulinta ya kasitomala wamkulu ku Limbe yadya mapepala, ndipo anthuwo aimba kale kawiri. Gregorio anati lero si tsiku lochoka. Bwana Dennis anafunsa ngati kabokosiko sikadziyendetsa kokha, ndipo ngati sikadziyendetsa, zaka zonsezi wakhala akupanga chiyani. Gregorio anatenga sikuludiraiva n'kukwera minibasi.

Zimene zinkachitika kwa Hussain anadzazimva pambuyo pake, kwa Hussain yemwe. Kafe inadzaza mpaka mzere kufika pa ngalande ya panja. Intaneti inali yolemera, ndipo munthu wa kwathu tsamba likachedwa sadikira, amabaya batani, n'kubayanso, n'kubayanso, mnzake wa kumbuyo akumuuza kuti abaye mwamphamvu. Kubaya kulikonse kabokosi ka ku Ginnery Corner kankakuwerenga ngati kugogoda kwa adiresi imodzi. Maggie anapeza kompyuta, anzake atamuzungulira, mapepala ali m'mafayilo a pulasitiki. Anayamba ndi amene ankaopa kwambiri. Anamulembera, anakweza mapepala ake, tsamba linavomera, atsikana n'kuwomba m'manja. Anatenga wachiwiri. Anzake atatha panabwera mayi wina wachikulire wa ku Makata, atagwira mwana wake wamkazi pa dzanja, n'kupempha kuti mwanangu, tithandizeko nafenso, sitidziwa poyambira. Kodi mwana woleredwa bwino akanati chiyani? Wogawa sayamba ndi mbale yake. Hussain anamuuza kuti nthawi ikupita, alowetse zake kaye, ndipo Maggie anati amalize mayiwa, zake sizichedwa poti wazolowera.

Atamaliza analemba dzina lake, anadzaza zonse, anakweza satifiketi, n'kubaya. Tsamba linayera. Panangotsala mawu ochepa achizungu onena kuti waletsedwa. Nthawi yomweyo makompyuta onse a mu kafemo analemba chimodzimodzi, ndipo phokoso linabuka.

Foni inamupeza Gregorio ku Limbe atagwada pansi, manja ali bii ndi inki.

"Ankolo, chikukana. Onse alowa, koma ine chikungolemba kuti ndaletsedwa. Ndalakwitsa pati?"

Anadziwa mwanayo asanamalize kulankhula. Inali nambala ija. Anamuuza kuti aike mapepala ake pa fulashi athamangire kafe ina, iliyonse, asaime kulankhula ndi munthu. Anaimbira bwana Dennis, foni inali yozimitsa, akuti ali ku banki. Anaimbira mayi wa pa desiki ya ku ofesi, koma mayiyo kabokosiko ankangokadziwa ngati chinthu chimene amauzidwa kuti asachipukute ndi nsanza yonyowa. Kukatsegula kunkafunika Gregorio yekha, atakhala pa mpando wa m'kachipinda kaja. Lamulo la bwana Dennis lija linali lomwelo.

Anasiya pulinta ili yasa! n'kuthamangira ku siteji. Minibasi imene anakwera inali ndi anthu ochepa, ndipo minibasi ya ku Limbe sinyamuka chifukwa munthu mmodzi ali ndi vuto. Woitanira ankakuwa, dalaivala ankaliza injini kunamiza anthu kuti akunyamuka, galimoto n'kusuntha pang'ono n'kubwereranso. Gregorio anapempha, anachonderera, pomaliza anati alipira mipando yotsalayo, ndipo apo ndiye ananyamuka. Ali m'njira Maggie anaimbanso, akupuma mwawefuwefu. Kafe ya kuseri kwa msika nayonso inali itatsekeredwa kunja, anthu akumutukwana mwini wake kuti wawabera. Ina ya kumtunda kunalibe magetsi. Anayesa pa foni ya mnzake, koma kafoni ka mabatani sikanganyamule satifiketi. Gregorio anamuuza kuti abwerere kwa Hussain akakhale pa kompyuta, dzanja lili pa batani, iye akufika.

Pa Chichiri apolisi a pamsewu anaimika minibasi. Dalaivala anatsika ndi nkhope ya munthu wopanda mapepala, n'kuyamba nawo nkhani zawo zazitali kuseri kwa galimoto. Gregorio anatsika n'kuyamba kuthamanga m'mbali mwa msewu, bambo wa mimba yake ndi msana wowawa, sikuludiraiva ili m'thumba la malaya. Anthu ankamupatukira poganiza kuti wabedwa kapena waba. Anathamanga mpaka mpweya kutha, anayenda, anathamanganso.

Anakwera masitepe a pa shopu ya matayala akugwira khoma. Anatsegula kabokosiko, napeza adiresi ya Hussain ili pakati pa otsekeredwa, pamodzi ndi ena ambirimbiri. Anaichotsa. Kenako anatsegula tsamba la koleji, ndipo linali litasintha kale, likuthokoza onse amene analembetsa. Wotchi yotseka inali ya a kolejiwo, ndipo kumeneko Gregorio analibe kiyi. Anakhala pa mpando thukuta likuuma ndi kuzizira kwa m'chipindamo. Sanamuimbire Maggie. Patapita kanthawi uthenga wa Maggie unalowa wonena kuti tsamba latseguka koma akuti atseka.

Madzulo anamupeza akuchapa kuseri kwa nyumba, maso ali ofiira. Maggie anayamba yekha kufotokoza. Anati mwina anabaya polakwika, mwina satifiketi yake anaijambula moipa makinawo n'kukwiya, chifukwa onse analowa bwinobwino ndipo zinafera pa iye. Anapepesa kuti sanamvere zopita ku ofesi. Helena anali pakhomo la khitchini akumuyang'ana mwamuna wake, poti mkazi amadziwa nkhope imene wakhala nayo zaka zambiri. Gregorio anangoti tiona, n'kulowa m'nyumba. Kunena zoona anachita mantha. Munthu amene anathamanga kuchokera pa Chichiri analephera kulankhula mawu atatu kwa mwana wa mlongo wake.

Loweruka sanatuluke. Lamlungu Misa itatha, atsikana a kwaya aja anabwera kudzamugwira chanza, akuthokoza kuti makina a ankolo ndi abwino, anawalandira onse. Maggie anaima nawo akumwetulira mmene akanathera. Gregorio anamva manyazi amene anali asanawamvepo.

Lolemba anapeza bwana Dennis ali osangalala. A koleji anali ataimba kuthokoza kuti tsamba silinagwe ngakhale kamodzi pa tsiku la chipwirikiti chotere, ndipo ankafuna kupitiriza nawo chaka chamawa. Bwana Dennis anali ataona kuchuluka kwa maadiresi amene kabokosiko kanabweza, ndipo anamugwira Gregorio paphewa n'kunena kuti akuba anabweradi, koma anapeza mlonda ali maso. Gregorio anati amenewo sanali akuba. Anawatchula mmodzimmodzi monga ankawadziwira: uyu ndi Hussain wa pa Chinseu, uyu ndi kafe ya ku Bangwe, uyu wa ku Zingwangwa, awa a ku Chilomoni ndi Machinjiri. Anati kuseri kwa adiresi iliyonse kunali mzere wa anthu, ndipo mmodzi mwa anthuwo amagona m'nyumba mwake. Anapempha kuti auze a koleji zoona, atsegulenso tsiku limodzi lokha.

Bwana Dennis anatseka chitseko n'kulankhula motsitsa. Anati akumva chisoni, ndipo nkhope yake inkaonetsadi chisoni. Koma anati akangonena zimenezo ntchito ya koleji yapita, ena amva, ndipo kampaniyi singapirire kutaya kasitomala winanso. Anamufunsa ngati akufuna kuti onse a mu ofesimo akagone ndi njala chifukwa cha tsiku limodzi. Anati akonze nambalayo kuti chaka chamawa zisadzachitikenso, basi.

Pa nthawi ya nkhomaliro Gregorio anapita yekha ku koleji, akudziwa kuti akhoza kubwerako alibe ntchito. Mayi wa mu ofesi yolembetsa anamupatsa mpando n'kumumvetsera mpaka kumapeto, za maadiresi, za makafe, za mtsikana amene analembera anzake pa kompyuta imodzi n'kudziika kumapeto. Mayiyo anapukusa mutu n'kunena kuti pepani bambo. Anati amene analowa ndi ochuluka kale kuposa malo amene alipo, akuluakulu sangatsegulenso kuti awonjezere ena oti akawakane, ndipo abwana a Gregorio omwe anena m'mawa uno kuti zonse zinayenda bwino. Sanamuthamangitse, sanamunyoze. Anangomuperekeza mpaka pakhomo mwaulemu.

Atabwerera ku ofesi anakhala pansi n'kulikonza lamulo lija. Anaphunzitsa kabokosiko kusiyanitsa makina ongogogoda opanda chonena ndi kafe yodzaza anthu amene akulemba mayina awo, aliyense kumuwerengera payekha ngakhale alowere pa adiresi imodzi. Anayesa, zinagwira. Anayesanso, zinagwiranso. Chimene chinamupweteka n'chakuti ntchito yonseyo inatha tiyi amene anamuikira pa tebulo asanazizire bwino.

Anatsika minibasi pa Chinseu dzuwa likupendeka, nadutsa kafe ya Hussain osayang'anako. Kunyumba anapeza Maggie pakhonde, atamasula belo latsopano la kaunjika limene mayi woyandikana nawo uja anabweretsa, akusankha zovala n'kumazipinda m'milu. Helena anali m'kati. Gregorio anaima pa sitepe, n'kumuitana dzina.

"Maggie, sunalakwitse chilichonse. Sunabaye polakwika, ndipo satifiketi yako inalibe vuto. Ndine ndinaika lamulo loti kafe ikagogoda kwambiri itsekeredwe kunja. Nambala yake ndinasankha ndine. Ndinkadziwa kuti ndiyofunika kuikonza, sindinaikonze."

Anamuuzanso zonse, za bwana Dennis, za ku koleji, ndi yankho limene anabwera nalo. Ankalankhula akuyang'ana pansi. Anali atakonzeka kuti mwanayo alire, amukalipire, amufunse kuti ndi malume wamtundu wanji, ndipo mumtima ankafuna zitatero kuti mwina apepukidwe. Maggie anamaliza kupinda malaya amene anali m'manja mwake, n'kuwaika pa mulu.

"Ndiye poti mwakawauza a koleji kuti ndinalembera anthu ambiri pa kompyuta imodzi," anatero, "anzanga aja sawachotsa?"

"Sawachotsa."

"Ndi mwana wa mayi a ku Makata aja?"

"Nayenso ali m'kati."

Anagwedeza mutu. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, kamodzi kokha, n'kukokera pafupi zovala zimene zinatsala. Gregorio anadikira kuti mwina anena zina, koma mwanayo anali atayamba kale kuyang'ana mabatani a siketi ina ngati ali onse.

"Ankolo," anatero osadzutsa mutu, "mawa musanapite ku ntchito mundinyamulireko belo ili mpaka ku msika. Lalemera."